Ndinadyera nsima kafukufuku wanga

Poti mlandu unatha ndipo mbuzi ndinalipira, tsopano ndikhoza kuulula. Ndine mphunzitsi wa sayansi uja munamva kuti akuweta makoswe m'khitchini, usiku n'kumawaunikira ndi moto wofiira. Zina mwa zimene munamvazo n'zoona. Koma zoti makoswewo ndinkawatuma kukatuta chimanga m'nkhokwe za anzanga ndi bodza, ndipo amene anasuzumira m'nkhokwe yanga chaka chimenecho akhoza kundiikira umboni.

Ndimaphunzitsa pa sekondale ina m'dziko la Mfumu Yaikulu Mwase, kuno ku Lundazi. Dzina la sukulu sinditchula, chifukwa ahedi anandiletsa kawiri konse ndipo alibe mlandu. Mlandu ndi wanga ndekha, kupatulapo kachidutswa kakang'ono ka apongozi anga, kamene sindingakanene mokweza.

Zinayamba mu Epulo 2019, titasonkhana kumanga chiliza cha malemu mlongo wanga. Mwana wake, Nabanda, anabwera kuchokera ku Britain komwe amagwira ntchito mu labu ya pa yunivesite ina. Kumudzi kuno tinkangodziwa kuti "ali ku za maso", moti azakhali ake anayamba kufola m'mawa, aliyense atakoka chikope. Madzulo tikudya mtedza wophika pakhonde, ndinamufunsa:

"Iwe Nabanda, odwala ako amachuluka?"

"Amalume, odwala anga ali ndi michira."

Ndiye anayamba kufotokoza, ine kukamwa yasa. Kuseri kwa diso, m'kati, kuli kachikopa kopyapyala kamene amati retina, ndipo ndi kameneka kamene kamasandutsa kuwala kukhala uthenga wopita ku ubongo. Maselo amene amagwira kuwalawo amatha kunsonga tsiku lililonse ngati chikuni pamoto, ndipo pansi pawo pali maselo ena, ntchito yawo kuwola phulusalo. Kuli mtundu wa makoswe a m'labu, otchedwa RCS, amene maselo awo owolawo ndi aulesi chibadwire. Phulusa limaunjikana, maselo oonera n'kufa, ndipo khoswe akamakwanitsa miyezi itatu amakhala ali mumdima. Akatswiri a ku London anawalemba makoswewa mu 1938. Jini yolakwika, Mertk, inapezeka mu 2000, ndipo mu 2001 ena anatenga jini yabwino, kuikweza pa kavairasi kofoola, n'kuibaya pansi pa retina, maselo oonera n'kupulumuka.

Anatola kanjere ka mtedza n'kundionetsa. Diso la khoswe, iye anati, ndi laling'ono kuposa apa, mamilimita 6 basi, ndipo mbali yaikulu ya m'kati mwake yadzazidwa ndi lenzi imene ukangoikanda ndi singano, ng'ala yayamba. Mankhwala ake ndi mamaikolita awiri kapena atatu: tengani dontho limodzi la madzi, muligawe ka 20, gawo limodzi ndi limenelo. Singanoyo kunenepa kwake ngati tsitsi ziwiri zitatu, yosasongoka kunsonga, ndipo munthu amabaya akuyang'ana pa maikulosikopu, khoswe ali mtulo ta mankhwala.

Kenaka ananena mawu amene ndinawamva ndi khutu lakumanzere, n'kutulukira kumanja. Anati kubaya ndi mphindi zochepa, ntchito yeniyeni ndi kuyeza. Singano payokha imatukula retina n'kusiya katuza, imavulaza, ndipo nthawi zina chilondacho chimadzidzimutsa maselo n'kuwatalikitsira moyo. Pa makoswe a RCS omwewo, ena anapeza kuti ngakhale madzi a mchere okha, ngakhale singano youma, zinkapulumutsako maselo pamalo pobayapo. Choncho ukaona kusintha, usavine msanga. Diso lina ubaye mankhwala, lina madzi a mchere, makoswe ena usawakhudze n'komwe, ndipo wowerenga zotsatira asadziwe kuti uyu ndi uti. Njira zoyezera anatchula zingapo: makina a OCT ojambula kuchindikala kwa retina ndi kuwala, makina a ERG omvetsera timagetsi ta m'diso likawalitsidwa, khoswe atagona usiku wonse mumdima, ndiponso kudula disolo pamapeto n'kuwerenga mizere ya maselo, imene kwa khoswe wabwinobwino imakhala 10 kapena 12. Njira ina ndiyo inandilowa mumtima. Umaika khoswe pakati pa chigubu cha mizere yakuda ndi yoyera, n'kuchizunguza. Ngati akuona, mutu wake umatsatira mizereyo wokha, osafuna. Umachepetsa mizere mpaka atasiya kutsatira, ndipo pamenepo wadziwa polekezera maso ake.

Chigubu ndi mizere! Izi ndiye za ku Britain?

Ndinali ndi zifukwa ziwiri, china cholemekezeka, china ayi. Cholemekezeka n'chakuti atate anga, a zaka 78, anali atayamba kupapasa chitseko ndipo Baibulo anali atalipachika. Nabanda anali atatchula galu wina dzina lake Lancelot, wobadwa wosaona, amene anayamba kuona atamubaya jini ya RPE65 ku America, nkhani yake n'kumveka mu 2001, ndiponso mankhwala a Luxturna amene anavomerezedwa kwa anthu mu Disembala 2017 pa mtengo wa madola 850,000 maso onse awiri. Usiku womwewo ine ndinawapeza atate ndi matenda a galuyo. Ndalamazo ndinazisintha m'makwacha pakakyuleta, kakyuleta n'kundionetsa nambala imene ngakhale titagulitsa ng'ombe zonse za m'chigwa cha Luangwa sitikanaifika. Chifukwa chachiwiri chinali mpikisano wa sayansi wa masukulu, wa JETS, umene unali pafupi. Sukulu yathu inkapita chaka ndi chaka ndi mbaula yosawononga nkhuni, n'kubwerako ndi mbaula yomweyo.

Loweruka ndinapalasa njinga kupita pa boma kwa wowotcherera zitsulo. Podutsa pa Castle Hotel ndinaima kaye n'kudzilimbitsa mtima. Ngati bwanamkubwa wa boma Errol Button anaganiza zomanga linga la mafumu a ku Ulaya pakati pa Lundazi kumapeto kwa zaka za m'ma 1940, n'kuthekadi, ine chidebe chingandikanike? Wowotcherera uja anagoneka wilo la njinga chafufumimba pa katebulo, pakati n'kuimika kachitsulo kosazungulira. Pawilopo ndinamangirira chidebe cha mkazi wanga, mayi a Chikondi, cha malita 20 nditachidula kunsi, m'kati ndinamata mizere ya tepi wakuda wa amagetsi, ndipo pakachitsulo paja ndinakhazika botolo la mayonezi. Mayi a Chikondi anachifuna chidebecho masiku atatu, ine ndikuthandiza nawo kufuna.

Nyama sizinavute. Juni ndi Julayi kuno, minda ikakololedwa, anyamata amakhala ali m'tchire ndi makasu, kufukula mauna. Chowadabwitsa chinali choti ndikufuna zamoyo. Anayang'anizana, n'kukweza mtengo kawiri. Anandibweretsera 12: akapuku ambiri, achitute awiri, ndi ina imene ngakhale iwo anakangana dzina lake. Zisanu ndi imodzi ndinazipaka mankhwala a zilonda apepo aja kumchira, zinazo ndinazisiya, poti ndinakumbukira kuti Nabanda ananenapo za magulu awiri, ngakhale chosiyanitsa maguluwo chinali mchira wokha. Ndinaziika m'madebe awiri m'khitchini, ndikuzidyetsa mtedza wa chalimbana umene mayi a Chikondi anasungira mbewu.

Apa mpamene ndinasakaniza mapira ndi mawere. Zogoneka khoswe mumdima n'kugwira ntchito ndi nyale yofiira ndi za makina a ERG, chifukwa maso a khoswe samva kwenikweni kuwala kofiira. Chigubu cha mizere chimafuna kuwala, nanga mizere angaione bwanji? Ine ndinatseka mazenera a khitchini ndi masaka, n'kumalowamo 11 koloko usiku ndi nyale yakumbuyo ya njinga. Tangoganizani munthu wodutsa pamsewu: m'khitchini mwa aphunzitsi mukuphethira kofiira, china chikulira gwede gwede, ndipo mwini nyumba akunong'ona kuti, "Yang'ana kuno, iwe, yang'ana kuno."

Chinanso, ku labu chigubu chimayenda pang'onopang'ono, kuzungulira kawiri pamphindi. Chikondi, mwana wanga wa giredi 6, ankachipukusa ngati njinga yotsika chitunda, mizere yonse n'kusanduka phulusa. Mbewa m'botolo zinkachita zimene mbewa imachita m'botolo. Ina inkangoti zii, ina kusambitsa ndevu, ina kukodza, ina kundifulatira. Koma buku langa linadzaza. Ikatembenukira kumanzere ndinkalemba kuti yatsatira. Ikatembenukira kumanja ndinkalemba kuti yatsatira mochedwa. Za michira yapepo zinkapambana usiku uliwonse, chifukwa ndinkazikonda. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma ine mpikisano unali utatsala milungu iwiri.

Ahedi atawerenga bukulo anafunsa funso limodzi: "APhiri, nanga mwazichita chiyani mbewazi kuti tiziti izi ndi zotsatira zake?" Ndinalibe yankho. Munthu wanzeru akanabwerera ku mbaula. Ine ndinaona kuti chosowa ndi jakisoni, ndiponso kuti nyama ndinalakwitsa, poti Nabanda anati khoswe, sanati mbewa. Kwathu kuno kusiyana kwake ngakhale mwana amakudziwa: mbewa ndi ya kumunda, ndi ndiwo; khoswe ndi wa m'nyumba, ndi mbala. Chimene sindinadziwe n'chakuti khoswe wa kudenga kwathuyu ndi wa mtundu wina ndi wa ku labu. A ku labu ndi mbumba ya makoswe amene akhala akuwetedwa m'manja mwa anthu kwa zaka zoposa 100, kuyambira ku Wistar Institute ya ku Philadelphia cha m'ma 1906, ofatsa ngati ana a nkhosa. Wanga ndinamukola m'nkhokwe ndi ndowa, wamphongo, khutu limodzi long'ambika, womenya nkhondo wakale.

Ndinamupaka mchira, monga mwa mwambo. Sirinji ndinapempha kwa mkulu wina wa kumpingo wodwala shuga, ndikumunamiza kuti ndi yophunzitsira. Madzi a mchere ndinawiritsa m'kapu. Mankhwala ogonetsa ndinalibe, maikulosikopu ndinalibe, ndinali ndi galasi lokulitsira zinthu la kusukulu ndi tochi kukamwa. Lolemba m'mawa, Chikondi atagwira thumba, ndinapisa dzanja lamanzere kuti ndimugwire pakhosi.

Iye ndiye anayamba kundigwira. Mano anakumana m'kati mwa chala changa chachikulu, n'kulendewera pomwepo ngati mleme. Dzanja lamanja linathamangira kukathandiza mbale wake, litaiwala chimene lanyamula, singano yonse n'kulowa pachikhatho. Tochi inagwera m'kapu ya madzi a mchere. Khoswe anadumphira paphewa panga, pamutu, pa mtanda wa denga, osatsanzika. Chikondi anatuluka akukuwa mudzi wonse kuti, "Atate adzibaya! Atate adzibaya!" ndipo amayi awiri anayamba kale kulira maliro.

Kukiliniki ndinapeza nesi amene ndinamuphunzitsa ndekha bayoloje. Anatsuka bala mwaulemu wonse, akuluma mlomo.

"Aphunzitsi, khosweyo anakupezani mukugona?"

"Ayi."

"Nanga munamuputa bwanji?"

Ndinafotokoza. Anatuluka panja kanthawi, ndipo ndinamva mawu ngati a munthu wotsamwa. Pobwera anali ndi nkhope ya ntchito. Anandikumbutsa kuti mu 2015 ku Nyimba, m'chigawo chathu chomwe chino, kunabuka mliri wa makoswe wofala ndi utitiri, ndipo anati ndikangomva kutentha thupi kapena mwanabere ndithamange. Anandipatsa makapisozi, n'kundibaya jakisoni wa kafumbata paphewa. Choncho pa kafukufuku yense uja nyama imene inabayidwa inali imodzi, inabayidwa kawiri, ndipo zotsatira zake ndinaziyeza bwino lomwe: mkono sunatukuke masiku atatu.

Ndinafika kunyumba dzuwa litapendeka, n'kupeza kuti kwabwera apongozi anga kuchokera cha ku Lusuntha, kumalire ndi Malawi. Ndinagwada patali, tinapatsana moni nkhope zili kumbali monga mwa chikhalidwe, ine n'kukalowa m'nyumba. Njala inali itandipha. Mayi a Chikondi anabweretsa nsima ya ufa woyera, chigwada, ndi mbale yovundikira. Nditavundukula ndinapeza mbewa, zophika ndi mchere n'kuziwamba pamakala, mafuta ali nyezinyezi. Zonona ngati zimenezo ndinali ndisanadyepo chibadwire. Ndinadya yoyamba, kuyambira kumutu. Ndinadya yachiwiri, n'kufuula kuti amve ali panja, "Auzeni amayi kuti kwawoko mbewa amazidziwa!" Yachitatu ndinaitola ndi kumchira.

Mchirawo unali wapepo.

Ndinakhala ndi mbamu ya nsima m'manja kwa nthawi imene sindikuidziwa. Mayi a Chikondi anabwera kudzagwada pakhomo, maso ali pansi, mapewa akugwedezeka. "Bambo a Chikondi, amayi akuthokoza. Akuti mkamwini wotere sanamuonepo, wosungira apongozi ake mbewa zamoyo, n'kuzinenepetsa ndi chalimbana." Tsono mkamwini angayankhe chiyani? Apongozi sutsutsana nawo, suwafunsa, ngakhale kuwayang'ana kumaso suwayang'ana. Ndinati, "Auzeni kuti n'zochepa." Ndipo poti kutaya ndiwo ndi tchimo, yachitatuyo ndinaimaliza. Pakati pa gulu la mchira wapepo ndi gulu linalo sindinapeze kusiyana kulikonse.

Lachinayi kunabwera mthenga wa anyakwawa. Khoswe uja anali ataphedwa m'nkhokwe ya aneba anga, amene anali akudandaula kale kuti chimanga chawo chikutsika mosadziwika bwino. Pabwalo anamugoneka pa tsamba la nthochi, mchira wapepo uli poyera. Mboni za moto wofiira zinali zisanu ndi ziwiri. Mkulu wa kumpingo uja anaimirira n'kunena za sirinji yake, akunjenjemera.

Ndinaganiza zowaphunzitsa, poti ndiyo ntchito yanga. Ndinayamba bwino, za retina, za phulusa losawoledwa, anthu akugwedeza mitu. Kenaka ndinati, "Ndiye azunguwo amatenga majini abwino n'kuwalowetsa m'diso la khoswe."

Bwalo lonse linati wooo. Gogo wina anakokera mdzukulu wake kumbuyo.

"Majini?" anafunsa anyakwawa.

"Ee mfumu, koma si majini amenewo. Awa ali mwa aliyense. Inunso muli nawo."

Ndikanakhala ndi mnzanga pabwalopo akananditseka pakamwa ndi chisoti. Ndinapempha kuti abweretse chidebe, aone okha kuti mulibe mankhwala. Anyakwawa, munthu wolimba mtima, anawerama n'kusuzumiramo. Chikondi, chifukwa cha mantha, nthawi iyi anazunguza pang'onopang'ono, dzuwa likuwala bwino pamizere, ndendende mmene amachitira ku labu. Maso a mfumu anagwira mzere, kuutsatira, kudumpha kubwerera, kugwira wina, kuutsatira, mwini wake osadziwa. Ndi mmene maso a munthu aliyense woona amachitira, ngati mukuyang'ana mitengo muli pa basi ya ku Chipata. Ine mtima unadumpha ndi chimwemwe, poti chidebe changa chinagwira ntchito kwa nthawi yoyamba. Mayi wina amene anali moyang'anizana nawo anakuwa, "Maso a mfumu akuvina!" Anyakwawa anaweramuka, kudzandira, n'kukhala pansi pambali pa mpando.

Atamwa madzi anaweruza mwanzeru kuposa mmene ndinkayenera. Anakumbutsa anthu kuti lamulo la Zambia sililola kutchula munthu kuti mfiti, ndipo anati iwo mfiti yolumidwa ndi khoswe wake womwe sanaimvepo. Chimanga cha aneba anati chikudyedwa ndi makoswe wamba ndi anankafumbwe, monga cha wina aliyense. Koma anandipeza wolakwa pa milandu itatu: kusokoneza tulo ta mudzi, kunamiza mkulu wa mpingo, ndi kuseweretsa ndiwo. Mbuzi imodzi.

Usiku umenewo ndinamuimbira Nabanda pa WhatsApp, nditakwera pachulu pomwe pamagwira netiweki. Anaseka mpaka foni inagwa. Atatola, mawu anali atasintha.

"Amalume, khoswe uja anachita bwino."

Anati kumeneko, pansi pa lamulo la 1986 loteteza nyama za kafukufuku, munthu sakhudza diso la khoswe popanda laisensi yake, laisensi ya ntchitoyo ndi ya malowo, ndipo iye anaphunzira miyezi asanaloledwe kugwira singano. Ine ndikanangomuboola diso nyama ili maso, popanda chimene ndikanaphunzirapo. Anandifunsa kuti mbewa zangazo zinkadwala chiyani choti ndichize, zinali za msinkhu wanji, ndinkaziyerekeza ndi chiyani, ndipo ankawerenga ndani. Mafunso onse anayi yankho lake linali kukhosomola. Nditatchula za atate ndi madola 850,000, anakhala chete pang'ono.

"Matenda a RPE65 amayamba munthu ali mwana, amalume. Agogo aona bwino zaka 70. Kodi mwawayang'anapo m'maso?"

Miyezi itatu ndinali ndikusuzumira m'maso mwa mbewa ndi nyale yofiira. M'maso mwa atate anga, amene ndimadya nawo mbale imodzi, ndinali ndisanayang'anemo. M'mawa ndinawakhazika pakhonde n'kuwaunika ndi tochi yomwe inagwera m'kapu ija. Pakati pa diso, pamene payenera kukhala bii, panali poyera ngati madzi otsukira mpunga. Ng'ala, yomwe agogo aliyense m'mudzi muno akanaitchula ali chapatali.

Mu Sepitembala tinakwera basi, makilomita pafupifupi 180 kukafika ku Chipata, n'kupitirira ku chipatala cha Mwami. Anachotsa lenzi yochita chifungayo n'kuikamo ya pulasitiki, ntchito yosakwana ola. M'mawa mwake atamasula bandeji, atate anayang'ana denga, anayang'ana nesi, kenaka anagwira dzanja langa n'kuliyandikitsa. "Ndiye pamenepa mpamene anakuluma?" Titabwerera kumudzi anapempha kuona chidebe chimene anangomva mbiri yake. Anachizunguza kamodzi n'kunena kuti mizere yanga ndi yokhota.

Ku JETS chaka chimenecho tinapita ndi mbaula. Wilo linabwerera ku njinga, ndipo m'chidebemo mukuikira nkhuku ya mayi a Chikondi. Sabata yatha apongozi anatumiza uthenga kuti abwera mu Julayi, ndipo akufunsa ngati mkamwini ali ndi kafukufuku wina chaka chino. Mayi a Chikondi, auzeni amayi kuti kulibe.